Bishopu wa Bambo Gondwe

"Kodi amake Asiyatu, masewerawo akatha, mnzanu n'kutsanzika kupita kwawo, bwanji inu mumabwezeranso tizidoleto pabolodi n'kumatiyang'ana nokha ngati wolondera mbalame kumpunga?" Anandifunsa chotero mayi Nachuma, oyandikana nawo nyumba kuno ku Nsanama, tsiku lina atandipeza pakhonde nditagwira chibwano. Ndinangoseka n'kunena kuti ndi ukalamba. Yankho lenileni ndi lalitali kuposa pamenepo, ndipo poti ana anga mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala, ndaliika m'mutu uno wa zolembazo. Asiyatu, iwe nkhaniyi ukuidziwa mbali yako. Iyi ndi mbali yanga.

1972: Masaka a ku Balaka

Ndinalowa ntchito pa depoti ya kampani yogula mbewu ku Balaka ndili ndi mwana kumsana. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 kwathu kwa Kawinga, ndipo bambo ake a Asiyatu anali atapita ku Joni, makalata awo n'kuyamba kuchepa mpaka kulekeratu. Malume anga ndiwo anamva kuti ku depoti akufuna amayi osoka masaka. Ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa: saka likang'ambika umalitembenuza, kulikutumula, kuika chigamba ndi singano yaikulu yopindika, n'kuliunjika pamodzi ndi anzake. Chovuta chinali chakuti masaka sankakwana chaka chilichonse, ulusi nawonso unkatha pakati pa nyengo, moti tinkasomola ulusi m'masaka otheratu kuti tisokere ena. Lamulo loyamba limene kapitawo anatiphunzitsa linali lakuti saka la kampani silitayidwa. Ngakhale litasanduka sefa, ukalisonyeze kwa bwana, bwanayo anene yekha kuti latha. Mayi wina amene tinkasoka naye anachotsedwa ntchito chifukwa chotenga saka lotheratu kukafunditsa mwana wake m'mwezi wa Juni. Ndinamuona akutuluka pageti. Kuyambira tsiku limenelo lamulolo linandilowa m'mafupa.

Fumbi la thonje silinamuyanje Asiyatu. Chifuwa chinkati chikaleka sabata imodzi, n'kuyambiranso, mpaka achipatala anandiuza mosabisa kuti mwanayu mumuchotse kufumbi. Ndinakamusiya kwa amayi anga kwa Kawinga ali ndi zaka ziwiri, ndikunena kuti ndi za miyezi itatu basi. Ntchito sindikanaisiya, chifukwa amayi ndi azing'ono anga atatu ankadya za m'manja mwanga. Kuyambira pamenepo mwana wanga ndinkamuona pa tchuthi, kapena dalaivala wa lole ya ku Nsanama akakhala ndi ulendo wapadera Loweruka n'kundichitira chisoni n'kundikweza pamwamba pa masaka. Kuchoka pamsika wa Nsanama kukafika pakhomo pa amayi unali ulendo wa ola limodzi wapansi. Nthawi zonse ndikamadutsa pamsikapo ndinkayang'ana kanyumba ka sikelo n'kunena mumtima kuti munthu wogwira ntchito pamenepa amagona kwawo.

1974: Bolodi ya pakabati

Mkulu wa depoti pa nthawiyo anali bambo Gondwe, munthu wa kumpoto, wamtali, wolankhula pang'ono. Atazindikira kuti ndimawerenga, anandiwonjezera ntchito yosesa mu ofesi yawo m'mawa. Pamwamba pa kabati panali bolodi ya timabwalo toyera ndi takuda, pali tizidole tosema, ndipo anandiuza tsiku loyamba kuti, "Chilichonse mupukute, koma bolodi iyo musakhudze." Ndinkaiyang'ana m'mawa uliwonse n'kuona kuti kadole kamodzi kapena tiwiri tasuntha. Tsiku lina mpini wa tsache unakola bolodiyo, tizidole tonse n'kumwazika pansi. Ndinaima ngati ndathiridwa madzi. Kenaka ndinatola kamodzikamodzi n'kubwezera pamene ndinkakumbukira, monga momwe munthu amadziwira malo a mphika uliwonse m'khitchini mwake. Bambo Gondwe atafika ndinawauza ndekha zimene zachitika. Anatulutsa kabuku m'thumba la malaya n'kuyamba kuyerekeza, chala chikuyenda pabolodi.

"Anakuphunzitsani ndani?" anafunsa.

"Palibe, bwana. Ndimangowaona."

"Onse ali m'malo mwawo. Hatchi yokhayi ndi imene mwaiyang'anitsa kwawo, ngati yatopa ndi nkhondo."

Masewerawo anali chesi. Anayamba kundiphunzitsa pa nthawi ya nkhomaliro, pakhonde la ofesi, poyera, kuti pasakhale wonena zina. Onena ananenabe, koma anatopa ataona kuti tikungoyang'ana mitengo yosema. Mayina a timabwalo sanandivute, chifukwa milu ya masaka m'nyumba yosungiramo katundu nayonso inkadziwika ndi chilembo ndi nambala. Ndinaphunzira kuti pali mfumu, mfumukazi, mahatchi, mabishopu oyenda chopingasa, asilikali asanu ndi atatu, ndi tinyumba tiwiri tam'makona timene ine ndinkati nkhokwe, dzina limene bambo Gondwe nawonso anadzalitengera. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ankatuluka nane thukuta. Tsiku lina anati, "Abiti Yusufu, inu simutaya munthu. Poyamba mumayala bwino, kumapeto mumapirira. Koma pakati apa, pamene anthu asakanikirana, mumakhala ngati muli pasiteshoni kudikira sitima." Ine ndinamva ngati akundiyamikira, poti kwathu kudikira ndi khalidwe.

Bolodi ya pakabati inali ya masewera ena apadera. Bambo Gondwe ankasewera ndi Che Amini, mkulu wa msika wa kampani ku Nsanama, popanda kuonana. Lole inkapita kumeneko Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kukasiya masaka n'kubwerera ndi mpunga, nandolo ndi thonje. Dalaivala wake, a Namakhwa, ankanyamula kapepala m'kati mwa chipewa chawo: bambo Gondwe alembe pamene asuntha, madzulo lole ibwere ndi yankho la Che Amini. Masewera amodzi ankayamba nyengo yogula mbewu ikamatsegulidwa, ndipo ankayenera kutha lole isanasiye kuyenda.

Juni 1975: Pangano

Kalata yosamutsa bambo Gondwe kupita ku Karonga inawapatsa masiku anayi okha. M'zaka zimenezo munthu sunkafunsa chifukwa, unkangomanga katundu. Che Amini anakwera lole kudzatsanzikana nawo. Anali bambo wamfupi, wa kofiya yoyera, wosatha kumaliza mawu awiri osaseka. Ine ndinali ndikupukuta mawindo pamene anaima patsogolo pa kabati n'kupukusa mutu.

"Che Gondwe, kalatayi mwalemba nokha. Mwaona kuti chaka chino ndikuthyolani."

"Masewera sakutha ayi. Atsiriza ndi Abiti Yusufu awa."

Che Amini anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku tsache. "Abiti Yusufu a kwa Kawinga? Amayi anu ndimawadziwa. Amabwera ndi nandolo wonyowa n'kulumbira kuti wagona padzuwa sabata yathunthu."

Ndinagwada n'kuwapatsa moni m'Chiyao, iwo n'kuyankha akuseka. Pamenepo bambo Gondwe ananena chimene anali atakonza mumtima. Kalaliki wa sikelo ku Nsanama anali kupuma ntchito nyengo ikatha. Malo amenewo ndiwo okha, kupatula a Che Amini, amene munthu ankagwira chaka chonse, ndipo dzina la wolowa m'malo ankalipereka ndi Che Amini. "Mayi awa ali ndi mutu, ndipo mwana wawo ali kumeneko. Akakugonjetsani, muwapatse sikelo."

"Mayina andifikira kale anayi," anatero Che Amini, "awiri mwa iwo abwera ndi anthu oti powakana umayamba watsuka m'kamwa. Ndikufuna chifukwa choti ndiimirepo. Chabwino. Akandigonjetsa lole isanasiye kuyenda, dzina lawo ndilemba ndi dzanja langa. Koma Inshallah sizichitika."

Tsiku lonyamuka bambo Gondwe anandisiyira bolodi, kabuku ndi pensulo. Ine ndinawerenga tizidole tonse pamaso pawo, timene tinali pabolodi ndi timene tinadyedwa kale, monga tinkachitira popatsirana masaka. Iwo anaseka, koma ine sindinkaseka. M'maganizo mwanga bolodi inali ya bwana, masewera anayamba ndi bwana, ndipo anthu khumi ndi anayi oyera amene anatsala anali a bwana, ine wongowasunga. Mwa onsewo panali bishopu mmodzi woyenda m'timabwalo toyera amene bambo Gondwe ankamukonda kwambiri. Ankati akamuika pamzere wautali woloza kunyumba ya mfumu ya mdani, ankamusisita pamutu ndi chala. Anandisiyira bishopuyo ataima pomwepo.

Julaye 1975: Lachitatu mpaka Lachisanu

Masabata atatu oyamba ndinasewera monga mwa chizolowezi changa, kutseka mipata ndi kuonetsetsa kuti aliyense ali ndi womuteteza. Bwana watsopano analibe nazo ntchito za chesi, anangoti bolodi ichoke mu ofesi, choncho ndinaisamutsira pa bokosi kuseri kwa mulu wa masaka kumene tinkasokera. Che Amini ankalemba timawu pansi pa kusuntha kwawo. Bishopu ankamutchula kuti shehe. "Shehe wanuyo watopa kuima, mupatseni mkeka." Ine ndinkangolemba chilembo ndi nambala.

Lachitatu lina lole inabwera msanga. A Namakhwa anavula chipewa n'kundipatsa kapepala. Che Amini anali atachotsa hatchi yawo imene inkalondera pakhomo pa mfumu, n'kuipititsa kutsidya lina la bolodi kukasaka msilikali wanga. Ndinasuntha hatchiyo, n'kukhala pansi kuti ndione momwe ndingapulumutsire msilikaliyo. Ndili m'kati moganiza, diso langa linatsata mzere wa bishopu uja mpaka pakona. Mfumu yakuda inali kuseri kwa asilikali atatu, popanda wamkulu aliyense pafupi. Bishopu akadya msilikali wa pakona, ndi cheki, ndiko kuti mfumu yaopsezedwa. Mfumu imudya bishopuyo. Pamenepo hatchi yanga ilumpha, chekinso. Mfumu ibwerera m'nyumba, mfumukazi yanga ifika pakhomo, ndipo palibe woti n'kuitsekereza. Ndinayesa kuti mfumu ithawire kutsogolo m'malo mobwerera. Inagwidwabe, mochedwerapo pang'ono. Ndinayesa kuti ikane kudya bishopuyo. Zinali zoipirapo kwa iyo. Lachinayi pa nkhomaliro sindinadye, ndinabwereza njira zonse. Titaweruka ndinabwerezanso mpaka mlonda anandiuza kuti akutseka geti. Njira iliyonse inkathera pamodzi: Che Amini agonja, ine ndipita kwathu.

Koma khomo la zonsezo linali kupereka bishopu posinthana ndi msilikali wamba. Chiyambireni kusewera ndinali ndisanaperekepo munthu mwadala. Ndipo uyu sanali wanga. Ndinkaganiza kuti ngati pali kanjira kamodzi kamene sindinakaone, ndidzakhala ndataya bishopu wa bwana popanda chilolezo, ndipo nkhani idzayenda ndi malole mpaka ku Karonga kuti mayi uja anamusiyira katundu, sabata zitatu zokha wayamba kumwaza. Pokhala munthu wa Sitandade 7, ndinkakayikanso kuti zingatheke bwanji ine kuona chimene Che Amini, osewera zaka makumi awiri, sanachione.

Lachisanu m'mawa a Namakhwa anabwera injini ikulira kale. "Achemwali, kalata ya chibwenzi ili kuti? Madala akudikira."

Ndinawakokera kuseri kwa masaka n'kuwafotokozera. Iwo chesi sankaidziwa, anali katswiri wa bawo, koma anamvetsa msanga.

"Ndiye mukuti mukaponya kamodzi aka, mdalayo wagwa?"

"Ndikuona choncho."

"Nanga mukudikira chiyani? Asodzi a ku nyanja ya Chiuta akanamalirira nyongolotsi, bwenzi tonse tikudyera masamba."

"Nyongolotsiyo ikakhala yako. Uyu ndi wa bwana."

"Bwana ali ku Karonga akudya nthochi za mbalagha! Achemwali, kamtengo aka?"

"Iyayi, a Namakhwa. Chinthu cha mwini umafunsa."

Ndinali nditalemba kale kalata yopita kwa bambo Gondwe, yojambula bolodi yonse ndi kupempha chilolezo. Pa kapepala ka Che Amini ndinalemba kusuntha kwina: msilikali wa m'mphepete, phazi limodzi kutsogolo, kusuntha kosavulaza munthu. Ndinkati ndizisuntha tating'onoting'ono chotero mpaka yankho libwere, khomo lija lidzakhala lilipobe. A Namakhwa anaika kapepalako m'chipewa, kalata m'thumba kuti akaponye ku Liwonde, n'kukwera lole akupukusa mutu. Ndinabwerera ku singano yanga mtima uli m'malo, ngati munthu amene wachita zoyenera.

Madzulo ake yankho linabwera. Hatchi ya Che Amini inali itabwerera pakhomo pa mfumu. Pansi pake analemba kuti: "Alhamdulillah. Ndinagona chitseko chili pululu, koma wakuba wake anali waulemu."

Yankho la bambo Gondwe linafika patatha masabata atatu. Linali la mizere iwiri. "Perekani bishopuyo lero lomwe. Mukufunsiranji? Masewerawa ndi anu." Ndinaliwerenga nditaima pageti, n'kulipinda, n'kukapitiriza kusoka.

Masewera anapitirira Ogasiti yense mpaka m'mwezi wa Ramadani. Ndinkateteza, Che Amini n'kumandipanikiza pang'onopang'ono ngati munthu wothina chitenje chochapa. Asilikali anga anadzaima onse m'timabwalo toyera, n'kumutsekera bishopu uja kumbuyo kwawo, moti sanadyenso kanthu mpaka mapeto. Sabata yomaliza ya Seputembala ndinaona kuti msilikali wakuda afika kumapeto ndipo palibe womuletsa. Ndinalemba kuti, "Ndagonja. Sikomo." Ndinagoneka mfumu yanga, bishopu wa bambo Gondwe ali chiimire, wopanda ndi kachilema komwe.

Okutobala 1975: Kubwerera pakati

Ulendo womaliza wa lole, Che Amini anabwera nawo kudzapereka makiyi ndi malipoti. Atamaliza za mu ofesi anafunsa kumene ndimasokera. Anandipeza ndili ndi saka pamiyendo, iwo atanyamula msomali wautali umene anatungirapo timapepala tanga tonse, mwandondomeko yake.

"Abiti Yusufu, yalani bolodi. Masewera sathera pogonja. Mtembo umasambitsidwa kaye."

Anakhala pa mulu wa masaka, amayi anzanga n'kusiya singano kuti aonerere. Tinayambira pamene bambo Gondwe anasiyira, iwo akuwerenga timapepala, ine ndikusuntha mbali zonse ziwiri. Titafika pa Lachitatu lija anakweza dzanja.

"Apa ndinafa. Ndinalemba kapepala alimi akukangana pakhomo, osayang'ana bwino. Mukudziwa chimene chinandidzutsa? Kamsilikali kanu ka m'mphepete. Ndinati, mayi ameneyu sasuntha chinthu chopanda ntchito, nanga lero bwanji? Munthu akayamba kusesa pabwalo posesa kale, ndiye kuti akudikira mlendo. Ndinayang'ana, n'kumuona shehe wanu atanola mpeni."

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma anandiuza kuti ndipitirize. Titafika pakati pa Ogasiti anandiimitsanso. Nkhokwe yawo inali itachoka pa mzere wokhawo wotseguka, kwa kusuntha kumodzi. Yanga ikanalowa pamenepo n'kukafika kumbuyo kwa asilikali awo.

"Apa munali kuti?"

"Sindinaone, Che Amini."

"Munali pamaliro a Julaye. Mwayi woyamba munauona n'kuuopa. Wachiwiri unadutsa pakhomo panu inu mukulira woyamba."

Panalinso malo achitatu, mu Seputembala, pamene ndikanasinthanitsa mafumukazi n'kupulumuka osagonja. Amenewonso sindinawaone. Anandiuza kuti poyambira masewera munthu amatha kuloweza, pothera amatha kuwerengera, koma pakati palibe wokuuza kuti tsopano nthawi yakwana. Anati mnzako akasuntha, usayambe ndi kufunsa kuti akufuna kundichita chiyani. Yamba wafunsa kuti pamene wachokapo wasiya chiyani. Funso limenelo ine ndinali ndisanalifunsepo, pabolodi kapena pena paliponse.

Atayamba kutolera timapepala, ndinachita chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wamkulu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Che Amini, ndagonja, ndikudziwa. Koma mwana wanga ali ndi zaka zisanu. Sikelo ija."

Nkhope yawo inasintha. "Dzina linapita mu Ogasiti, mwanangu. Bambo wina wa ku Ntaja."

"Masewera asanathe?"

"Asanathe. Namakhwa ndinamufunsa kuti mayi uja anaona kapena sanaone? Anati anaona, koma analembera kalata ku Karonga. Tsiku limenelo ndinadziwa. Mukanamupereka shehe uja n'kupezeka kuti mwalakwitsa, ndikanakulembanibe, ndikulumbira. Pasikelo pamabwera mlimi ndi mpunga wokayikitsa, kumbuyo kwake anthu makumi asanu, dzuwa lili pamutu, ine ndili ku Liwonde. Muulandira kapena muubweza, pomwepo, ndipo mlandu wake ndi wanu. Simungamuuze kuti dikirani ndilembe kalata."

Sananame. Pangano analiphwanya ndi iwo, poti sanadikire mapeto, ndipo kwa zaka zingapo ndinkawasungira kanthu mumtima pa chifukwa chimenecho. Koma mapetowo anadzafika monga momwe iwo anaonera. Ananditsanzika, n'kundisiyira msomali uja ndi timapepala take.

1976 mpaka 1982: Kalembo, kenaka kwathu

Bambo Gondwe sanabwerenso kudzatenga bolodi. Analemba kuti ndiisunge, ndipo tinalemberana makalata mpaka pamene anamwalira. Chaka chotsatira Che Amini anatumiza kapepala tsiku loyamba la lole: "Tiyambe. Tsopano anthuwo ndi anu." Tinasewera chotero nyengo zisanu ndi imodzi. Masewera alionse akatha ndinkabwezera tizidole pakati n'kuyenda nato kachiwiri, kufunafuna pamene khomo linatseguka ine osalowa, n'kulemba m'kope la sukulu. Poyamba ndinkapeza malo atatu kapena anayi pa masewera amodzi. Ndinazindikira kuti ambiri ankabwera pamene mnzanga wasangalala n'kuthamangira kudya, ndiponso kuti sankakhalitsa kupitirira kusuntha kumodzi. Ndinawagonjetsa Che Amini koyamba mu 1977, popereka nkhokwe yathunthu. Analemba pansi kuti, "Wakuba uja waleka ulemu."

Mu 1978 kalaliki wa sikelo pa msika wa kwa Kalembo anadwala mwadzidzidzi pakati pa nyengo ya thonje. Uthenga unafika m'mawa, bwana ali pakhonde akudandaula kuti atuma ndani, makalaliki onse ali m'misika ina. Ine ndinali ndikudutsa ndi mtolo wa masaka pamutu. Ndinautula n'kunena kuti, "Bwana, ndipita ine. Sikelo ndimaidziwa." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati ndikwere lole. Tsiku loyamba lomwelo ndinabweza thonje la mkulu wina wa chipani m'deralo chifukwa munali mchenga pansi pa mtolo. Anakuwa, anandifunsa khadi ya chipani, ndinamusonyeza, ndipo thonjelo anakalipeta. Ndinagwira kwa Kalembo nyengo zinayi, timapepala ta chesi tikudzera ku Balaka. Kunali kutali ndi kwathu kuposa ku Balaka ukawerengera mayendedwe, koma dzina langa linalowa m'gulu la makalaliki.

Kawiri konse ndinayesa kumutenga Asiyatu kuti tizikhala limodzi. Ulendo woyamba chifuwa chinabwerera pasanathe mwezi. Wachiwiri anakana yekha, akulira atagwira chitenje cha agogo ake, ndipo amayi anati, "Mwana si saka loti uzingolikweza palole." Ndinamusiya.

Bambo wa ku Ntaja uja anapempha kusamuka mu 1982. Ndinamva Lachiwiri masana kwa a Namakhwa, ndipo Lachitatu m'mawa kalata yanga inali m'manja mwa Che Amini, nditaipititsa ndekha. Anaiwerenga ataiyandikiza kumaso, poti maso anali atayamba kuwavuta, n'kunena kuti, "Mwachedwa ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma mwafulumira ndi tsiku limodzi. Wina akubwera mawa." Ndinagwira sikelo ya ku Nsanama mpaka kupuma kwanga.

Tsiku limene ndinafika pakhomo pa amayi ndi katundu wanga yense, Asiyatu anali kusinja. Anasiya munsi, anapukuta manja, anabwera n'kugwada patali ndithu, n'kundipatsa moni waulemu wonse umene mwana woleredwa bwino amapatsa mlendo. Kenaka anapita kuseri n'kukauza agogo ake, amene ankawaitana ngati mayi ake, kuti, "Amao, abwera achemwali a ku Balaka." Amayi anamukalipira, koma ine ndinawaletsa. Mwanayo sanalakwe.

Ndikawerengera zimene ndinataya Lachisanu lija, ndi izi. Masewera amodzi. Sikelo ya ku Nsanama kwa nyengo zisanu ndi ziwiri. Asiyatu anayamba sukulu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, chifukwa panalibe womukakamiza, ndipo analekezera Sitandade 5. Mano ake oyamba anaguluka ine kulibe, malungo aakulu anadwala ine kulibe, kuchinamwali cha nsondo anapita ine kulibe. Ndinayenera kubwerera kwa mwana wa zaka zisanu. Ndinabwerera kwa mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri.